Tsiku Limene Netiweki Inakwera Lole

Inu, tamverani za a Waya, bambo aja okonza mawailesi ndi mafoni kumsewu waukulu, amene amayenda ndi waya wofiira m'khosi ngati mkanda. Dzinalo linachokera pomwepo. Bambo amenewa anadzuka tsiku lina n'kulengeza kuti abweretsa intaneti yoyenda mumphepo kumunsi konse kumene amakhala, ndipo anthu anangoti tiona, poti maso salipira.

Musaganize kuti chinawagwira ndi chikondi cha pa anansi. Nkhani inali ya mwana wawo woyamba, mtsikana amene aliyense amamutcha Nesi, chifukwa ali wamng'ono ankamanga mabandeji agalu a eni, odwala ndi osadwala omwe. Atamaliza maphunziro a unamwino anafunsira ntchito kuchipatala china chakutali, ndipo kumeneko anayankha kuti adzamufunsa mafunso pa vidiyo, Lachisanu la sabata yachitatu, teni koloko m'mawa. Pansi pa kalatayo analembapo kuti wochedwa ndi mphindi khumi ndi zisanu asavutikenso, aitana wotsatira.

Tsono kumunsi kwa a Waya netiweki ya foni imafika ngati mlendo wamanyazi: imaima pageti, kusuzumira, n'kubwerera. Kushopu kwawo intaneti ya chingwe ilipo, yamphamvu ndithu, koma khoma n'limodzi ndi wowotcherera zitsulo, amene makina ake akayamba kulira sumva ngakhale zimene ukuganiza wekha.

"Adzakhala pampando wa m'nyumba mwanga, kumbuyo kwake kuli makatani a amayi ake," anatero a Waya. "Mabwanawo aone kuti mwanayu wachokera pakhomo pa injiniya."

"Injiniya wake uti?" anafunsa akazi awo.

"Amene mukumuthirira tiyiyu."

Tisawanamizire, kufotokoza ankatha. Anati pali mabokosi oyera, aakulu ngati njerwa, amene umawaika pamwamba. Loyamba limatenga intaneti pachingwe cha kushopu n'kuponyera lachiwiri, lachiwiri kuponyera lachitatu, monga amisiri amapatsirana njerwa pomanga nyumba. Lamulo n'limodzi lokha: bokosi lililonse lizitha kuona linzake. Pakati pakakhala khoma, malata kapena mtengo wothithikana, basi njerwa yagwa.

Wogulitsa mumzinda atamva kutalika kwa mtunda anati pafunika mabokosi asanu ndi limodzi. A Waya ndi munthu amene sagula ngakhale singano osanenerera. Ananenerera mtengo mpaka wogulitsayo anamasula batani la m'khosi, ndipo mtengo utakana kutsikanso, anayamba kunenerera chiwerengero. Anabwerako ndi anayi, akuyenda ngati munthu amene wapambana mlandu.

Madzulo ake anayala chikatoni cha firiji patebulo, n'kujambulapo dera lonse: shopu kumtunda, nyumba yawo kumunsi, tinjira, mitengo. Kenako anatenga chivindikiro cha poto n'kumazunguliza pensulo, kuti bwalo lililonse lisonyeze pamene bokosi lidzafike. Mabwalo anayi aja anagwirana manja bwinobwino. Katoni, abale anga, ndi chinthu chathyathyathya. Mulibe chitunda, mulibe kutalika kwa shedi ya simenti, ndipo mulibe apongozi.

Mayi a kunyumba anaima kumbuyo kwawo, kudikira chivindikiro chawo.

"Bwanji osangoika limodzi pachitunda cha thanki ya madzi paja? Ndikamayanika zovala ndimapaona, ndipo ukaima pamenepo denga la shopu yanu limaoneka."

"Mayi, chivindikiro sichikufika pamenepo."

"Tengani cha poto wamkulu."

"Sayansi siyendera poto wamkulu. Komanso pamenepo palibe pomangirira. Inu zisiyeni izi, n'za amisiri."

Mayiwo anatenga chivindikiro chawo, osawonjezera mawu. Akazi ena akakhala chete ndiye kuti agonja. Awa akakhala chete ndiye kuti asunga.

Bokosi loyamba linakwera padenga la shopu, lachinayi pansungwi yaitali pakhomo pawo. Lachitatu analipemphera malo kwa apongozi awo, amayi a mkazi wawo, amene denga lawo ndi lalitali kuposa onse kumunsiko. Vuto linali lachiwiri, chifukwa pakati pa shopu ndi nyumba ya apongozi pali shedi yosungiramo simenti, chinyumba cha malata okhaokha chimene pakatoni paja anachijambula ngati kabokosi ka machesi. Kuti njerwa idutse, inafunika kuizungulira shediyo. A Waya anamwazamwaza maso n'kupeza mtengo wa mango pakhomo pa telala.

Telalayo anavomera atalonjezedwa kuti wailesi yake izikonzedwa mwaulere mpaka imfa, ya iyeyo kapena ya wailesiyo. A Waya anakwera, anamanga, anatsika. Timagetsi tonse tinayi tinayaka tobiriwira. Tsiku limenelo anayenda dera lonse foni ili m'mwamba, kuonetsa anthu tindodo ta netiweki ngati akuonetsa mwana wobadwa kumene.

Patapita masiku awiri kunagwa mvula, ndipo netiweki inapita ndi madzi.

"Masamba akanyowa amamwa mphamvu," anatero a Waya, ngati kuti ankadziwa kale. "Ndingosadza nthambi ziwiri."

Anakweranso ndi chikwanje. Nthambi yoyamba inagwa mwaulemu. Yachiwiri inali ndi eni ake, mavu, amene sanafunsidwe pamene a Waya ankakambirana ndi telala. Telalayo amalumbira mpaka lero kuti makwerero aja ali ndi masitepe khumi ndi awiri, koma a Waya potsika anaponda awiri okha. Anafika kunyumba diso limodzi litatsekeka, mlomo ngati chubu cha njinga, bokosi lili m'khwapa.

Nesi anawapaka mankhwala mosamala, akuluma mlomo kuti asaseke.

"Ababa, ndingopita kushopu. Tim'pemphe wowotcherera uja apume ola limodzi."

"Munthu uja sanapumepo ngakhale tsiku la ukwati wake," anayankha a Waya ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Iwe konzekera mayankho. Netiweki ndi yanga."

Ndi diso lotsalalo ndi limene anaonera lole.

Mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, ndi makaniko. Anthu amamutcha Bweranimawa, chifukwa ndilo yankho limene aliyense wosiya galimoto pagalaja pake amalandira, ena kwa miyezi. Pakona pa galajayo panaima lole yaikulu imene inafa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Matayala anali atamira m'dothi, mutsogolo mwa dalaivala nkhuku zinkaikiramo mazira, ndipo mpiringidzo wa kumbuyo unali utakulungidwa ndi zomera zoyanga. A Waya anakwera pamwamba pake n'kuyang'ana kumtunda: denga la shopu, ilo, likusuzumira pambali pa shedi. Kuyang'ana kumunsi: denga la apongozi, ilo. Panalibe tsamba ngakhale limodzi pakati.

"Alamu, loleyi siyenda?"

"Iyi? Ikadzayenda mudzandimete ndevu ndi sipanala."

"Ndiye ndibwerekeni msana wake."

"Msana ulipo. Nanga ine ndidya chiyani?"

Anakhala pamatayala akale n'kuyamba kukokana. A Waya anati amukonzera foni. Bweranimawa anati foni yake ilibe matenda. Anati amupatsa makwerero. Iye anati wamva mbiri ya makwererowo. Pomaliza makanikoyo anati akungofuna pasiwedi, nambala yachinsinsi yolowera pa netiweki, ndipo pasakhale womuwerengera maola. A Waya anadziletsa kumwetulira. Malo abwino chonchi kuwagula ndi mphepo! Anagwirana chanza msangamsanga, kuopa kuti mlamuyo angasinthe maganizo.

Anamangirira nsungwi kumpiringidzo wa lole, bokosi pamwamba pake. Poti pagalaja panalibe magetsi odalirika, anaika kasola padenga la loleyo ndi batire pansi pa mpando, n'kumanga zonse ndi waya wa m'khosi uja mfundo zitatuzitatu. Kagetsi kanayaka kobiriwira. Anathamangira kunyumba. Kunalibe kanthu.

Masiku atatu a Waya anasakasaka vuto. Anasintha mawaya, anazimitsa n'kuyatsa, anatembenuza katoni chadodolido, anaimbira wogulitsa uja n'kumuuza mawu amene sitingawabwereze pano. Tsiku lachinayi Nesi anabwera kuchokera kwa agogo ake.

"Ababa, mwaliona bokosi la kwa agogo?"

"Ndinalimanga ndekha."

"Lavala chipewa."

Anakapeza bokosi lachitatu litavindikiridwa ndi beseni lachitsulo, mwala uli pamwamba. Apongozi anali pakhonde, akusoka.

"Amayi, kodi beseni lija lafika bwanji padenga?" anafunsa a Waya, chipewa chili m'manja.

"Ndinam'tuma wopala matabwa tsiku la mvula lija. Chinthu chodula chotero chizinyowa ine ndikuona? Inu ana a masiku ano simusamala katundu."

"Zoona, amayi, mwachita bwino kwambiri. Kungoti bokosilo analipanga kuti lizikhala pamvula."

"Nanunso anakupangani kuti muzikhala pamvula, koma mumafunda ambulera."

Apa a Waya, munthu amene anatulutsa thukuta wogulitsa wa mumzinda, anapeza kuti pali misika ina imene sunenerera. Anazungulira, anayamikira, anafunsa za miyendo, ndipo patatha ola anagwirizana kuti beseni lachitsulo litsike, m'malo mwake mukwere lapulasitiki, la maluwa ofiira, logula iwowo. Lachitsulo litangochoka, netiweki inatsika ngati madzi a mumpopi mpaka m'chipinda chochezera. Nesi anayesa kuimba pa vidiyo kwa mnzake wa kusukulu, nkhope inaoneka mpaka tiziphuphu.

Kunatsala masiku khumi. M'mawa uliwonse popita kushopu a Waya ankadzera pagalaja, n'kuima, n'kuyang'ana kagetsi kobiriwira pamwamba pa nsungwi, n'kugwedeza mutu mokhutira. Woyang'ana kumwamba saona matayala. Akanatsitsa maso akanaona kuti zoyanga zija zadulidwa, dothi lakumbidwa, ndipo matayala ayamba kunenepa limodzi ndi limodzi.

Pakuti Bweranimawa, atalandira pasiwedi ija, sanapite kukaonera mpira monga amachitira anthu abwinobwino. Anapeza mavidiyo a amuna a kumayiko akutali amene amadzutsa malole akufa, ena otulutsidwa m'matope, ena omera mitengo m'kati. Anaonera imodzi, anaonera khumi, n'kuyamba kuiyang'ana lole yake ngati munthu amene wakumana ndi chibwenzi chakale. Eni magalimoto ena akabwera sankawauzanso kuti bwerani mawa. Ankangowakwezera dzanja osacheuka.

"Achimwene akuti nkhuku zija azisamutsa mulole," anatero mayi a kunyumba tsiku lina.

"Achita bwino. Zimandidetsera sola."

Lachisanu linafika. Makatani anali atachapidwa ndi kusitidwa. Nesi anavala bulauzi yoyera, laputopu ili patebulo pamwamba pa mabuku awiri kuti nkhope ikhale pakati. Apongozi anabwera kudzakhala pakona, kunja kwa kamera, kuti mabwanawo akayamba mwano amve okha. A Waya anavala jekete ndi tayi, ngakhale kuti palibe amene akanawaona, kumapazi patapata. Tindodo tinayi, todzaza.

Kutatsala mphindi khumi kuti ikwane teni, kumtunda kunamveka chifuwa. Chinatsokomola kamodzi, kawiri, ngati nkhalamba yosuta fodya imene yadzutsidwa kutulo, kenako chinabangula. Mawindo ananjenjemera. Utsi wakuda unakwera pamwamba pa madenga, ndipo anthu anayamba kukuwa ndi kuimba mluzu.

"Ababa, tatsala titatu," anatero Nesi. "Tiwiri. Ababa."

A Waya anasuzumira pawindo. Pamwamba pa madenga a anthu, nsungwi yawo, bokosi loyera lili kunsonga, inkayenda pang'onopang'ono ngati mbendera ya pachionetsero, kulowera kumene katoni sinanene.

Sindikudziwa ngati munaonapo bambo wa zaka makumi asanu, wa tayi, akuthamanga ndi patapata mmodzi. Winayo anatsala pageti. Anadutsa kwa telala, anadutsa pa shedi ya simenti, akukuwa kuti imani, imani, koma mawu awo ankamira m'chisangalalo cha khamu limene linkathamangira loleyo. Ena ankawawombera m'manja poganiza kuti akuthamanga chifukwa cha chimwemwe. Bweranimawa anali pachiwongolero, mutu uli kunja kwa windo, misozi ikutsika m'ndevu, nthenga za nkhuku zikuuluka m'mbali mwake.

Lole inakhota, inayamba kukwera chitunda cha thanki ya madzi. Inakwera mobuula, inafika pabwalo la pamwamba, inatsokomola katatu, n'kuzima.

A Waya atafika, mpweya uli pakhosi, anapeza amuna khumi atagwira kale kumbuyo kwa lole.

"Tiitembenuzire kotsetsereka," ankalamula Bweranimawa. "Injini ikadali yotentha. Ikangotsetsereka ilira."

Inali itadutsa teni ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Pamene a Waya ankafuna mpweya woti atukwanire, foni inalira m'thumba la jekete. Anali akazi awo, ndipo ankaimba kudzera pa netiweki yomweyo.

"Mwachita chiyani?" ananong'oneza mayiwo.

"Ndikuithamangitsa, mayi, ndi mchimwene wanuyu, ndimupha..."

"Musaphe munthu. Tindodo tadzaza kuposa kale. Mabwana aja alowa, akumufunsa mwana dzina. Chilichonse chimene mwagwiracho musachisiye."

A Waya anakweza maso. Kumanja, denga la shopu yawo, poyera. Kumanzere, beseni la maluwa ofiira. Kutsogolo kwenikweni, kumunsi, chingwe choyanikira zovala cha akazi awo, ndi nsungwi ya pakhomo pawo. Anatola chimwala, anachiika kutsogolo kwa tayala, n'kukhalapo.

"Alamu, chokani pamenepo."

"Ola limodzi."

"Zaka zisanu ndi zinayi, alamu. Injini iyi ikazizira sindikudziwa ngati idzadzukanso."

"Mwana wa mlongo wanu ali pamaso pa mabwana panopa. Njerwa ikudutsa pamutu panupo."

Bweranimawa anayang'ana nsungwi, anayang'ana kumunsi, n'kudzimenya pachipumi ndi dzanja la girisi.

"Ndi lero?"

"Ndi pano."

Makanikoyo anatsika pang'onopang'ono n'kusisita chitseko cha lole. Aliyense anaona kuti wavomera kale, poti Nesi ndi mwana amene ankamunyamula paphewa. Koma mlamu ndi mlamu. Sangakupatse chinthu chaulere anthu akuona.

"Ola limodzi lili ndi mtengo wake."

"Ndikukonzerani wailesi ya m'lolemu."

"Ilibe wailesi."

"Ndikuikirani."

"Mlongo wanga anandiuza za chivindikiro cha poto," anatero Bweranimawa, akupukuta manja. "Foniyo sinaduke. Nenani pamaso pa anthuwa kuti malo ano anasankha ndani."

A Waya anakonza tayi.

"Tinganene kuti tinaganiza limodzi."

"Ayi."

"Kuti anandikumbutsa zimene ndinali nazo kale m'mutu."

"Amuna inu, gwirani lole."

Amuna aja anawerama n'kuika mapewa. A Waya anakweza foni msangamsanga, n'kulankhula ndi mawu a munthu amene akumeza mankhwala owawa.

"Mayi, malo ano munasankha ndinu. Poto wamkulu uja ankanena zoona."

Kenako mawu a mayiwo anamveka, otsika koma omveka kwa onse.

"Ndamva. Tsopano chokani pa netiweki, mukumudyera mwana."

A Waya ndi mlamu wawo anakhala pamenepo ola lathunthu, wina pamwala uja wa tayala lakumanja, wina pamwala wina wa lakumanzere, akumvera injini ikuchita thethethe pozizira. Mbalame ikayandikira nsungwi onse awiri ankaikupiza ndi manja. Itangodutsa leveni foni inaliranso. Anali Nesi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anati amufunsa mafunso asanu ndi awiri, wayankha onse, ndipo mayi wina mwa mabwanawo wayamikira makatani. Kalata yomuitana kuntchito inabwera sabata yotsatira, kudzera pansungwi yomweyo.

"Ola lakwana," anatero Bweranimawa. "Amuna inu, tiyeni."

Koma mu ola limenelo amuna aja sanangokhala. Anali atatulutsa mafoni, atapempha pasiwedi kwa a Waya, ndipo ena anali atatsikira kwawo kuseri kwa chitunda n'kupeza kuti netiweki, imene kale sinkawadziwa, tsopano ikulowa mpaka kukhitchini. Mwadzidzidzi wina anakumbukira kuti ali ndi msana. Wina anati dokotala anamuletsa kukankha zinthu za matayala oposa anayi. Wopala matabwa anabwera ndi miyala ina iwiri, akuti n'cholinga choti lole ya a makaniko isagubuduke n'kuvulala.

Bweranimawa anapotokola kiyi. Lole inangoti kwee, ngati ikufunsa kuti mukundifuniranji.

"Palibe kanthu," anatero. "Ndinaona vidiyo ina ya mmene amalizira injini yozizira popanda kukankha. Ndikaionera bwinobwino."

A Waya anamva mawu amenewo. Anatsika chitunda ndi patapata wawo mmodzi, anakalowa mushopu, n'kusintha pasiwedi.

Lole ija ilipobe pachitunda. Nkhuku zinabwerera. Bweranimawa anasamutsira galaja pomwepo kuti aziiyang'anira, ndipo ndevu zake akadali nazo, poti a Waya anati ngongole ya sipanala ija aikhululuka. Pasiwedi yatsopano aliyense ali nayo: telala, wopala matabwa, wowotcherera zitsulo, ngakhale apongozi, amene foni yawo ndi ya mabatani koma anailemba pakhoma kuti isatayike. Dera lonse likudziwa amene sayenera kuuzidwa, ndipo sindinaonepo anthu akusunga chinsinsi mogwirizana chonchi.

M'mawa uliwonse makanikoyo amatsikira kushopu ya a Waya, n'kutsamira pakauntala.

"Alamu, pasiwedi ija."

A Waya sakweza n'komwe mutu pa wailesi imene akukonza.

"Bwerani mawa."